Mitumbira Isanu ndi Iwiri ya Kubwinja

Swala ya Asiri, ya chakumadzulo, itangotha, Che Likwanya anafika pakhonde pa Shehe Sumani thukuta lili kamukamu, chisoso chitakakamira thalauza lonse. Shehe anali pamkeka, akusoka chikuto cha buku lakale la ku madrasa.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam. Khalani pansi, bambo, muyambe mwapuma."

Kupuma kunali kutali. Che Likwanya anakhala ku Joni zaka makumi awiri, ndipo mayi awo anamwalira iwo ali komweko. Anaikidwa kubwinja, kumene mudzi unali anthu asanasamukire kumsewu. Chizindikiro chake chinali mtengo wa mlombwa kumutu kwa manda, koma owotcha makala anaudula kalekale, ndi chitsa chomwe osachisiya. Malowo tsopano anali m'manja mwa mlendo wolima fodya.

"Shehe, mwini munda akuti Loweruka ayamba kuunda mizere. Akuti manda amene ali ndi mwini wake awasiya, enawo kwa iye ndi zulu chabe. Ndapita, ndapeza mitumbira isanu ndi iwiri, yonse yotitimira, yonse yogona mofanana. Azakhali akuloza wa kumpoto, amalume akulumbira kuti ndi wapakati. Ndikaloza molakwa, khasu lidutsa pa mayi anga, ndipo wolozayo ndikhala ine mwana wawo. Inu ndinu munaswalitsa jeneza tsiku la malirolo. Chonde, kumbukirani."

Shehe anaika singano pansi natseka maso. Che Likwanya maso anali pamilomo ya mkuluyo.

"Ndikukumbukira mvula ya tsikulo," anatero Shehe. "Malo ake sindikuwakumbukira. Ndikadangolozapo pamodzi kuti mtima wanu ukhale pansi, koma kwa Allah ndikayankha chiyani?"

Mantha a Che Likwanya anasanduka ukali, ndipo ulemu unawapulumuka.

"Ndiye maphunziro anu onsewa ndi a chiyani?"

"Ndi ochepa ndithu, mwanena zoona," anayankha Shehe, nkhope osasintha. "Koma ndiloleni ndikufunseni. Manda a mayi anu anakumba ndani?"

"Sindidziwa. Ine kunalibe."

"Anawasambitsa ndani? Sanda anawakulunga ndani?"

Che Likwanya anazyolika. Manyazi amene anawabisa zaka zonsezi anaonekera poyera.

"Anali ana a eni," anapitiriza Shehe mofatsa. "Anasiya minda yawo, ananyowa ndi mvula, ndipo palibe anafunsa kuti mwana wa malemu ali kuti. Nanga asanu ndi mmodzi agona pambali pa mayi anuwo, ana awo ali kuti lero?"

"Anabalalika, Shehe. Ena anatha."

"Mawa m'bandakucha mukaswali Subuhi, tengani chikwanje. Mukalambule mitumbira yonse, mukwezere dothi, mubzale nkhadze kuzungulira. Ine ndibwera ndi khasu langa, ngakhale msana ndi umenewu. Loweruka mukamuuze mwini munda kuti manda onsewo ndi anu."

Che Likwanya anadzutsa mutu, nkhawa itabweranso mwatsopano.

"Shehe, inu mwakana kunama pompano. Ndiye ine mukundituma bodza?"

Shehe anatola singano yawo.

"Mukakanena lero, ndi bodza. Mukakanena Loweruka, matuza ali m'manja, dua mutawapemphera onse, ndani angakutsutseni? Mwini manda ndi amene amawasamala. Mayi anu ali pakati pa asanu ndi awiriwo, bambo. Musatayepo ngakhale mmodzi, ndipo iwo simuwataya."