Chilankhulo cha Anthu Awiri

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala pakhonde, amene anabereka mwana wamkazi wosamva ndi wosalankhula. Anamutcha Mwandida. Bambo wake ataona choncho anati akupita kukafuna ntchito, ndipo mpaka lero akuifunabe.

Mayiyu sanagwire njakata. Anayamba kupanga mawu ndi manja. Akagwira pakhosi, ndiye kuti madzi. Akagwetsa zala kuchokera m'mwamba, mvula. Akasisita pamutu, akunena malume a mwanayo, poti anali ndi dazi. Mwandida nayenso ankabweretsa ake, mayi n'kumalandira. Pofika msinkhu wosenza ndowa, awiriwa ankatha kukambirana chilichonse, ngakhale miseche, n'kumaseka mpaka misozi.

Koma tsiku lina ku mjigo ana anawaona akukodolana, anayamba kuwatsanzira, akuluakulu n'kumaseka nawo. Mayiyu zinamuwawa kwambiri. Kuyambira pamenepo manja awo ankalankhula m'nyumba mokha, chitseko chili chotseka. Musafulumire kumuweruza. Amene mwana wake sanasekedwepo pagulu sadziwa ululu wake.

Kenaka kunabwera mayi wina wa tsidya la mtsinje, wogulitsa tomato, atagwira kamnyamata padzanja.

"Mayi a Mwandida, ndamva kuti inu mumamvana ndi mwana wanu," anatero mlendoyo. "Wangayu nayenso samva, akalira sindidziwa ngati ndi njala kapena m'mimba. Ndimangompatsa phala. Chonde ndiphunzitseniko."

Wosokayo sanaimitse n'komwe makina ake. Anakumbukira za ku mjigo, ndipo anaganiza kuti zikatuluka m'nyumba zidzafikanso kwa oseka aja.

"Pepani mayi, anakunamizani. Ife timangolozerana basi. Palibe chophunzitsa apa."

Mlendoyo anathokoza n'kubwerera. Poti analibe pogwira, anayamba yekha, movutika, kuchokera pachiyambi. Koma iyeyu chilichonse chimene wapeza ankachitulutsira pabwalo. Anasonkhanitsa makolo ena a ana otere kuseri kwa tchalitchi, n'kumagwirizana kuti chakuti tizichinena chonchi. Anthu anawaseka ndithu, koma kuseka kumatopetsa. Posakhalitsa osekawo anayamba kufunsa kuti mchere mumati bwanji, zikomo mumati bwanji. Kamnyamata kaja kanakula kakutumidwa kumsika, kakukangana mitengo ndi ogulitsa nsomba. Mayi wa tomatoyo anatumiza uthenga kwa wosoka uja kuti abwere ndi Mwandida. Wosokayo anati watanganidwa ndi mayunifomu.

Mwandida ali namwali, mayi wake anagwa pamakina. Anafa ziwalo mbali imodzi, lilime n'kulemera. Maso ankaona, nzeru zinalipo, koma mawu ankatuluka ngati kubuula.

Achibale anasonkhana. Malume aja anagamula kuti wodwala asamalidwe ndi mng'ono wake, ndipo Mwandida apite kutauni kwa azakhali, chifukwa munthu mmodzi sangasenze akatundu awiri. Mtsikanayo ataona akumanga zovala zake m'chitenje anazindikira. Anaima pakati pa nyumba n'kuyamba kulankhula ndi manja, mofulumira, misozi ikutsika.

Mayi wake ali pamphasa anamva zonse. Mwana ankati: "Ine sindine katundu. Ndimaphika. Ndimadziwa kusoka. Amayi ndiziwasambitsa ndine. Akafuna madzi ndidziwa ndine, inu simudziwa. Musandichotse."

"Kodi akuti chiyani ameneyu?" anafunsa malumewo.

Onse anayang'anana. Kenaka anatembenukira kwa wodwalayo, poti ndi yekhayo padziko lonse amene akanamasulira. Iye anayesa. Anakoka mpweya, anapotoza pakamwa, koma panangotuluka kubuula.

"Mukuona? Zikuwasautsa odwala," anatero malumewo. "Mutulutseni."

Sanali anthu oipa ayi. Sanamve basi, ndipo amene akanawaphunzitsa kumva anali atatseka chitseko kalekale. Mwandida anakwezedwa minibasi tsiku lomwelo, kupita kwa anthu amene sankadziwa ngakhale mmene amapemphera madzi. Mayi wake anatsala akuyang'ana kudenga, akudziwa kuti ntchito yonse ya moyo wake inali yabwino, koma anaisunga m'manja anayi okha.

Tsono inu amene mukulera mwana amene anthu amamucheukira kawiri, ndikudziwa kuti muli nako kanthu kamene munakapeza ndi misozi: kadyetsedwe, kanyamulidwe, kampando kamene munakhoma nokha, njira yomutonthozera akakwiya. Mwina mumati n'zochepa, mwina mukuopa kusekedwa. Kaphunzitseni mnzanu, kaphunzitseni mlamu wanu, ngakhale woseka uja. Mukamathandiza mwana wa mnzanu mukukonzera wanu anthu oti adzamumve, pakuti tsiku likubwera limene iye adzalankhula, inu muli chete.