Ndodo ya Chalendewa

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali amuna awiri apachibale, Chalendewa ndi mphwake Kadzuwa. Tcherani khutu, makamaka inu amene mawondo anu sanayambe kulira.

Chalendewa anali wamfupi ndi wochenjera. Kadzuwa anali wamtali, wosalala khungu, woyenda ngati sakuponda pansi. Akamadutsa pachitsime, amayi ankaleka kutunga. Akamadutsa pabwalo, amuna ankaiwala bawo. Tsiku lina ngakhale Nangondo, mkazi wa Chalendewa, anati: "Alamu anga ajatu ukalamba udzawasowa."

Mawuwo anamubaya Chalendewa ngati minga, ndipo mingayo inathyokera m'kati. Analowa m'thengo, nadula mtengo wa muwanga, nasema ndodo. Anaiyeza pa msinkhu wa mphwake, naipaka mafuta a nsatsi, naisomeka kudenga.

"Ndodo ya yani imeneyo?" anafunsa Nangondo.

"Ya mlamu wako wosakalamba uja. Tsiku lidzafika, ndidzamupatsa ndi manja angawa, iwe ukuona."

Posapita nthawi malume awo anamwalira, nasiya minda iwiri, khola la mbuzi ndi khola la nkhumba. Wogawa anali Chalendewa, pokhala wamkulu. Iye anatenga munda wa kuseri kwa nyumba, napatsa mphwake wa pamwamba pa phiri. Mumtima anati: "Akwere, atsike, akwerenso, mpaka mawondo athe."

Kadzuwa anawomba m'manja, nasenza khasu. Ankakwera m'mamawa, ankatsika madzulo. Chalendewa sankagwira khasu. Ankafulula mowa, anthu n'kumamulimira, iye ali khale pamthunzi.

"Akulu," anatero Kadzuwa tsiku lina, "tiyeni mukaone munda. Kamphepo ka kumeneko n'kokoma."

"Ndine nyani ine, woti ndizikwera mapiri?"

Chaka chitatha, Chalendewa anatsitsa ndodo, nayang'ana mphwake. Miyendo inali italimba ngati mizati. Anaibwezera kudenga.

Kenaka anati: "Ndimumana nyama, aume ngati phesi." Akapha mbuzi ankatseka chitseko. Akapha nkhumba ankasankha pamafuta, natafuna mpaka chibwano kung'anima. Kwa Kadzuwa sikunkapita ngakhale chiboda. Kumeneko iye ndi mkazi wake ankadya bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera, nandolo ndi mawere, masuku ndi bowa za m'phiri, ndipo nthawi zina tinsomba ta mumtsinje.

"Akulu, lero mlamu wanu watendera bonongwe. Bwerani tidzadyere limodzi."

"Masamba ndi a mbuzi, mphwanga. Ine ndimadya mbuziyo."

Chaka chitatha, anatsitsanso ndodo. Maso a Kadzuwa anali mbee, mano onse ali m'malo. Anaibwezera kudenga.

Kachitatu anati: "Ndimusala, asungulumwe mpaka imvi zimere." Kwa Chalendewa ng'oma zinkalira mpaka tambala, mikhate ya mowa ili ndandanda. Mudzi wonse unkaitanidwa kupatula munthu mmodzi. Kadzuwa, posowa kopita, ankagona nkhuku zikalowa, nadzuka nkhuku zikatuluka.

M'mawa wina anapeza mkulu wake pakhonde, maso ali psuu, atagwira mutu.

"Akulu, kwathu kuja kulibe phokoso. Bwerani mudzagoneko tulo tenitenti, ngakhale tsiku limodzi."

"Ndizigona ndi nkhuku? Ndine thadzi ine?"

Zaka zinapita, zinapita, zinapitanso. Chaka chilichonse ndodo inkatsika, inkapakidwa mafuta, inkabwerera kudenga. Chalendewa ankawerenga imvi za mphwake, osaona mimba yake yomwe ikukula. Ankamvetsera ngati mphwake akutsokomola, osamva befu wake yemwe. Mapazi anatupa, mawondo anatupa, mtima unkagunda ngati wa munthu wothamangitsidwa, chonsecho ali chikhalire.

Tsono m'mawa wina anafuna kudzuka pamphasa. Anayesa kamodzi, anayesa kawiri, anayesa katatu. Miyendo inakana. Nangondo anakwera pamtondo, nasolola ndodo kudenga, naipukuta mwaye, naiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Si yanga imeneyi!"

"Ina palibe, bambo. Munasema imodzi."

Chalendewa anaimirira nayo movutikira, koma ndodoyo inali yaitali. Chogwirira chinkamufika pakhutu.

Kadzuwa atamva za matendawo anatsika phiri mothamanga, munthu wa imvi, osapuma n'komwe befu. Anapeza mkulu wake atakoleka dzanja m'mwamba ngati wothyola mango.

"Akulu, amene anakusemeraniyu sanakuyezeni. Imeneyitu ikanakhala bwino kwa ine."

Nangondo anatsokomola, nayang'ana kumbali. Kadzuwa anatenga nkhwangwa, nadula ndodoyo kunsi, naibweza ndi manja awiri.

Chalendewa anafunsa ndi mawu otsika: "Mphwanga, usandibisire. Mankhwala ako unawatenga kwa sing'anga uti?"

"Sing'anga wanga ndinu, akulu. Munandipatsa phiri, ndinayenda. Munasunga mafuta, ndinadya masamba. Munandisiya kunyumba, ndinagona. Ine ndimayesa mumachitira dala, pondikonda."

"Nanga bwanji sunandiuze kuti n'zabwino?"

"Ndinakuitanani katatu. Munati sindinu nyani, sindinu mbuzi, sindinu thadzi."

Chalendewa kuyambira tsiku limenelo anadya bonongwe, anagona ndi nkhuku, anayenda pang'onopang'ono kuzungulira nkhokwe. Kutupa kunaphwa, mutu unaleka kuwawa. Koma zaka zimene anazidya pamthunzi sizinabwerere. Phiri sanalikwere mpaka imfa yake. Madzulo alionse ankakhala pakhonde, chibwano chili pa ndodo ija, kuyang'ana mphwake akutsika ndi mtolo wa nkhuni, ali njo ngati mlongoti.

Phunziro lake nali, ndipo ambiri timalimva mochedwa. Thupi silipempha zinthu zapatali: limafuna kuyenda, ndiwo za m'munda ndi tulo ta nthawi yake. Ndipo munthu amene maso ake ali pa thupi la mnzake, lake limamuthera osadziwa.

Nthano yanga yaima pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule msanga, ingapserere monga zinapsererera zaka za Chalendewa.