Mfuti Yosatsuka ya Gwaza

Kalekale, anyani asanadziwe fungo la wonga, kunali mlenje wina dzina lake Gwaza. Khalani chete ana inu, chifukwa munthu ameneyu ndikamutchula mtima umandiwawa.

Gwaza anali ndi mfuti ya gogodela, ija yothira wonga ndi chipolopolo kukamwa kwa mpope. Sing'anga wina anamupakira mankhwala mumpope mwake, n'kumuuza kuti sidzaphonya. Tsono Gwaza analumbira kuti madzi sadzalowamo, kuopa kusukulutsa mankhwalawo.

Chaka china mvula inavuta. Chimanga chinachita bwino m'munda umodzi wokha, wa mkazi wake Nachisale, m'tsinde mwa phiri. Chakudya cha ana awo chinali chomwecho basi. Ndipo anyani anatsika.

Tsiku loyamba Gwaza anawombera, n'kuphonya. Mlamu wake wosula makasu, mlongo wa Nachisale, anasuzumira mumpope ndipo anaona mwaye wokhawokha ndi dzimbiri.

"Alamu, wonga umasiya mwaye, ndipo mwaye umadya chitsulo," anatero. "Thiranimo madzi otentha. Mangani nsanza ku nsungwi, mupukute mpaka madzi atuluke oyera. Ikauma, mupake mafuta a nsatsi."

Gwaza anamuyankha kuti za makasu azikauza osula anzake.

Tsiku lachiwiri chipolopolo chinakana kulowa. Kodi mukuganiza kuti anadabwa? Ayi ndithu, chitsiru chinatola mwala n'kumakhomerera. Anawombera, ndipo anaphonyanso. Nachisale anawiritsa yekha madzi, nang'amba chitenje chake kuti apeze nsanza. Gwaza anakankha mphikawo ndi phazi, akukalipa kuti mkazi sayandikira mfuti ya mlenje.

Tsiku lachitatu anati vuto ndi kuchepa kwa wonga. Anathira miyeso iwiri. Anagogoda, anagogodanso, thukuta lili kamukamu. Anyani anali tayale m'munda, akumuyang'ana. Tsono anakoka kachitsulo kowombera.

Phuu! Mpope unang'ambika ngati bango. Zala zitatu za dzanja lake lamanzere zinapita. Paja samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Nachisale ndi mlongo wake uja anamunyamula kupita naye kumudzi, munda n'kutsala wopanda mlonda. Pamene mayiyo ankabwerera kumunda, anapeza mapesi okhaokha. Sanalire. Anabwerera kunyumba, n'kupeza ana akulira njala pakhonde, Gwaza akubuula pamphasa. Anatulutsa chibenthu cha mpope uja chimene anatola kumunda, n'kumuponyera pamiyendo.

"Mankhwala anu aja sanasukuluke, bambo. Ali momwemo. Apatseni ana adye."

Chaka chonsecho ana a Gwaza anakhalira gaga wopempha kwa malume awo, yemwe uja wa makasu.

Mwamva, ana inu? Chida chimene chimakudyetsa uzichitsuka ukachigwiritsa ntchito. Palibe mankhwala amene amachotsa dzimbiri, ndipo liuma la munthu mmodzi limagoneka nyumba yonse ndi njala.

Nthano yanga yathera pomwepa, ndipo mkwiyo wanga utsale nayo.