Dzina la Achemwali

Tsiku lomaliza Malizani kuwaona achemwali ake ali moyo, iwo ankayanika zovala zouma kale, uku akukangana ndi anthu osaoneka.

"Achemwali, mwamwa mankhwala?"

"Iwe, unasiya koleji kuti uzindiwerengera mapilitsi?" Anaseka, namutsina tsaya. Patapita masiku atatu anawapeza kudambo, atazizira.

Mmisiri wa mitanda atafunsa dzina loti alembe, palibe amene analikumbukira. Kwa zaka zambiri ankangoti "wamisala uja." Mayi awo, omwe nthendayo inawagwira kalekale, ankangoyang'ana khoma. Malizani anatsegula pakamwa, dzina osatuluka. Iye chibadwire ankangoti "achemwali."

Atakhala kuseri kwa nkhokwe akulira, nanzikambe anamuyankhula.

"Dzinalo linamezedwa ndi Dzimwe, chilombo cha mitu itatu cha kuphiri uko. Limadya mayina amene anthu asiya kuitana. Usatenge nkhwangwa, ukadula mutu imamera iwiri. Liumitse pakamwa."

Anthu atamuona akunyamuka ananong'onezana: "Nayenso zamuyamba."

Anawoloka mitsinje iwiri, minga ikumung'amba miyendo. Analipeza masana likuwothera dzuwa pathanthwe.

Mutu woyamba unayankhula ndi mawu a mayi ake. "Chilape, misala ya kumtundu, mwanangu. Chinagwira mayi, chagwira mwana wamkazi, mawa chigwira yani?"

Funso limeneli ndi lomwe linamulepheretsa Malizani kuwerenga kukoleji.

"Mwina ine," anatero. "Chikandigwira ndidzapita kuchipatala, ndidzamwa mankhwala. Ndidzakhalabe Malizani."

Wachiwiri unabwera ndi mawu a achemwali. "Unali kuti tsiku lija?"

Misozi inamutsika. "Ndinali kuchigayo. Ndinakusamalirani zaka zitatu, achemwali. Sindinakupheni ine."

Wachitatu unatenga mawu a iye mwini, ukuseka. "Munthu wabwinobwino amacheza ndi nanzikambe?"

"Amacheza naye, anthu akasiya kumuyankha. Pali china?"

Mituyo inayang'anana. Chiyambire, palibe anaiyankhapo ali chiimire. Inafunafuna mawu ena olasa, osawapeza. Wapakati unatembenukira inzake, nufunsa mosowa chochita:

"Tinenenji?"

Malizani analizindikira pomwepo. Dzina lija linali litapulumuka pakamwa pa chilombocho.

"Tinenenji," anaitana, koyamba m'moyo wake. Anaitananso mokweza mpaka phiri linamubwezera mawu. Dzimwe linafota, linanyala, pathanthwe panangotsala zipanda zitatu zouma. Anaziponda ndi chidendene.

Pobwera, anayenda akutchula dzinalo khomo ndi khomo. Anthu anagwetsa nkhope. Amayi a m'mudzimo, omwe aja ankathamangitsa achemwali ake pachitsime, anamuyalira zitenje panjira. Iye anazilambalala.

Kumanda, mmisiri uja anavula chipewa, namupatsa burashi ndi kachitini ka utoto woyera.

"Lembani nokha, achimwene."

Malizani anagwada. Anayamba kulemba.

Tinenenji Mbalule. 9 Juni 2021.