Lole Yakale ya a Chimbalanga ndi Kamakina ka ku Joni

Ana anga, mukamamva akuluakulu akuponya mwambi, musamayese kuti unagwa ndi mvula. Mwambi uliwonse uli ndi tsiku limene unabadwa, ndipo pali anthu amene analipo. Umene ndikufotokozereni lerowu ine ndinalipo, ndipo kunena mosabisa, unabadwira pa ine. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa alenje akalekale. Asiyeni, aliyense amatama kwawo.

Ine ndine Nangozo, makanika wa pamphambano ya Tsangano ku Ntcheu. Sukulu ndinafika Folomu 4, ndipo pa sayansi anyamata onse ankabwera pambuyo panga. Koma za injini ndinaphunzira kwa malemu bambo anga, amene anakonza malole zaka makumi atatu. Iwo ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchiika pakhutu, ndipo ankadziwa chimene chavuta asanamasule nati ndi imodzi yomwe. Luso limenelo anasiyira ine, osati achimwene anga.

Chaka china mlamu wanga Gedioni, mng'ono wa amuna anga, anabwerako ku Joni ndi kamakina koyezera galimoto. Kanali kakang'ono ngati buku la nyimbo, ka galasi kutsogolo ndi nthambo yakuda. Galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta m'kati, ndipo pansi pa chiwongolero pamakhala kabowo ka mano 16. Ukalowetsa nthambo pamenepo, kompyuta ya galimoto imauza kamakinako pamene pavuta, iko n'kulemba manambala pagalasi. Sindikanyoza ayi. Ndinakaona ndi maso anga kakupeza vuto la galimoto ya aphunzitsi ena m'mphindi zitatu, vuto limene ine likanandidyera tsiku lonse.

Gedioni anatsegula galaja yake moyang'anizana ndi yanga, ndipo anthu onse anakhamukira kumeneko. Ngakhale wa njinga yamoto ankafuna kuti amuikire kamakinako. Ine ndinatsala ndi kumata matayala ndi kuwotcherera mawilibala. M'mawa uliwonse mlamu wangayo ankandifunsa ali tsidya lina la msewu ngati khutu langa lagona bwino, ine n'kumuyankha kuti lagona bwino kuposa batire la kamakina kake. Chilamu chimatero, sitinkadana.

Pamalopo panali bambo Chimbalanga, munthu wofatsa wa imvi za apo ndi apo, amene ankanyamula mbatata ya kachewere kuchokera kumapiri a Tsangano kupita nayo ku Blantyre. Lole yawo inali ya dizilo, ya m'chaka cha 1986. Anawasiyira ndi bambo awo, ndipo ana awo onse asanu anaphunzira sukulu ndi lole imeneyo. Tsono inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa inkalira bwinobwino, n'kuyenda theka la ola, kenaka n'kuyamba kutsamwa mpaka kuzima, makamaka pachitunda. Akaisiya kwa ola limodzi kapena awiri, inkaliranso ngati palibe chachitika. Alimi anayamba kukweza mbatata yawo pa malole ena.

A Chimbalanga anapita nayo kwa Gedioni, monga ankachitira aliyense. Gedioni anasuzumira pansi pa chiwongolero, kabowo kaja osakapeza. Anamasula mabolodi a kutsogolo, mpaka anapeza pulagi ina yozungulira, yodzaza fumbi, imene kale inali ya wailesi. Anati ndi imeneyi, kungoti ndi yachikale. Anaitanitsa nthambo yolumikizira kuchokera ku Lilongwe, nadikira sabata yathunthu. Atalumikiza, kamakina kanayaka ndithu, chifukwa moto unalipo, koma kanalemba kuti galimoto sikuyankha. Anayesa kasanu, yankho lomwelo. Pamenepo anauza a Chimbalanga kuti kompyuta ya lole yafa, ndipo pakufunika ina.

Anaifunafuna ku Limbe, anaifunafuna ku Lilongwe, anaimbira mafoni anzake a ku Joni. Ogulitsa zipangizo onse anati chinthu choterocho sanachisungepo. Gedioni anaganiza kuti nchifukwa cha ukalamba wa loleyo, ndipo analangiza a Chimbalanga kuti aigulitse kwa anthu ophwasula galimoto, apezeko kangachepe isanawole. Anagwirizana kuti ophwasulawo abwera Lachisanu.

Lachinayi m'mawa a Chimbalanga anafika pa galaja yanga, chipewa chili m'manja. Sanabwere kudzafunsa nzeru. Ankafuna ndiwathandize kuchotsa batire ndi matayala awiri atsopano ophwasula asanafike. Akulankhula, maso awo anali pansi. Ndinawapatsa mpando, n'kuwafunsa chimene mlamu wanga anapeza. Atandiuza, ndinaika sipanala pansi.

"Bambo Chimbalanga, lole yanuyi ine ndinkalowa pansi pake ndili mtsikana, bambo anga akundiphunzitsa. Ilibe kompyuta. Sinakhalepo nayo. Pampu yake ya mafuta imayendetsedwa ndi injini yomweyo. Munthu samwalira ndi chiwalo chimene sanabadwe nacho."

Iwo anati nanga kamakina kaja kananama? Ndinawauza kuti sikananame. Kanati galimoto sikuyankha, ndipo zinali zoona, chifukwa munalibe woti ayankhe. Kenaka ndinawapempha ulendo umodzi wokha, kuti tikwere nayo chitunda ine ndili m'kati. Anazengereza, poopa kuchita manyazi pamsewu kachiwiri, koma anavomera.

Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Gedioni atamva, anatseka galaja yake n'kutitsatira pa njinga yamoto, akuti adzatinyamule tikatchona. Ine ndinakhala phee m'lole, maso otseka, ndikumvetsera. Injini inkalira mokoma, yopanda chogogoda chilichonse. Titayenda theka la ola inayamba kuchita befu, mphamvu n'kumachepa pang'onopang'ono, mpaka inazima pafupi ndi kamsika ka kabichi. Utsi wakuda panalibe, madzi sanawire. Ndinadziwa kuti injini imeneyi sikudwala, ili ndi njala. Koma mafuta m'thanki anali oposa theka.

Ndinamanga chitenje pamwamba pa ovolosi yanga n'kulowa pansi pa lole. Ndinayambira pa pampu, n'kumatsata paipi ya mafuta kubwerera kumbuyo, ndikupala matope ouma ndi zikhadabo kuti ndione ngati pali pong'aluka kapena popindika. Amayi ogulitsa kabichi anasiya malonda awo n'kutizungulira. Fumbi linkandigwera m'maso, koma sindinasiye.

Gedioni anagwada n'kusuzumira. "Alamu, injini ili kutsogolo, inu mukukanda kumatako ngati galu wanunkhiza mbewa. Tulukani, achimwene angati ndakuphetsani ndine."

Anthu anaseka. Ine ndinamuuza kuti asunge mano akewo, awafuna posachedwa.

Paipi yonse inali bwino. Koma nditafika pa thanki, dzanja langa linamva chinthu chimene maso sakanaona msanga. Mbali ya thankiyo inali yolowa m'kati pang'ono, ngati tsaya la munthu woyamwa nzimbe. Ndinatuluka n'kuyang'ana pakamwa pake. Chitsekerero chake chenicheni panalibe. Panali mapepala apulasitiki a shuga, atatu kapena anayi, omangidwa ndi mphira wa chubu mozungulira kambirimbiri, molimba kwabasi.

Ndinafunsa a Chimbalanga kuti anamanga ndani. Anayankha monyadira kuti anamanga okha. Chitsekerero chinatayika miyezi iwiri yapitayo atanyamula anthu a pamaliro, ndipo iwo anamanga chomwecho kuti madzi a mvula ndi fumbi zisalowe. Nthawi iliyonse akathira mafuta ankamanganso, kulimbitsa kuposa kale. Ndinawafunsa kuti lole inayamba liti kuzima. Anawerenga pa zala, n'kupeza kuti ndi miyezi iwiri yomweyo.

Ndinapempha msomali kwa mayi wina, ndipo ndinauza anthu onse kuti akhale chete. Nditaboola pulasitikiyo, thanki inakoka mpweya ndi mluzu wautali, fwiii, kenaka chitsulo chake chinabwerera m'malo mwake ndi phokoso, phu. Mayi wa msomali uja anadumpha. Ndinawafotokozera kuti chitsekerero chenicheni chimakhala ndi kabowo kopumira. Mafuta akamachoka m'thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukaitseka ndithithi, pampu imakoka mpaka kulephera, monga mmene madzi amakanira kutuluka m'botolo lozondotsa. Lole ikaima nthawi yaitali, mpweya unkalowa pang'onopang'ono m'mbali mwa mphira, nchifukwa chake inkaliranso.

Ndinapopa kapampu ka pamanja mpaka thovu linatha m'mapaipi, n'kuuza a Chimbalanga kuti alize. Inalira kamodzi kokha. Tinakwera chitunda chonse mpaka pamwamba, tinatsika, tinakweranso, osatsamwa ngakhale pang'ono. Titabwerera pa kamsika paja, a Chimbalanga anatsika n'kuima pamaso pa mlamu wanga.

"A Gedioni, munati mayiwa akukanda ngati galu. Mwina munanena zoona. Koma galu wamkota sakandira pachabe."

Amayi a kabichi anaombera m'manja, ndipo pofika madzulo mawuwo anali atafika kale pamphambano ife tisanafike. Lachisanu ophwasula anabwera ndi zida zawo, napeza lole itapita ku Blantyre ndi matumba a mbatata. Gedioni anawoloka msewu Loweruka, n'kundipempha kuti ndimuonetse galimoto zimene kamakina kake kangalankhule nazo ndi zimene sikangathe. Ndinamuonetsa. Ndinamuphunzitsanso kuti zina za petulo za zaka zapakati, zimene zili ndi kompyuta koma zilibe kabowo ka mano 16, zimanena vuto lawo pophethira kanyale ka kutsogolo, munthu n'kumawerenga. Zimenezo ku Joni sanamuuze. Anamuuza ndine.

Tsono mwambi ndi umenewo, ana anga: galu wamkota sakandira pachabe. Mkota ndi galu wamkazi wamkulu, amene wabereka kangapo ndipo wasaka nyengo zambiri. Kagalu kakang'ono kamakanda paliponse chifukwa chosewera, koma mkota ukayamba kukanda pansi, mlenje wanzeru amaima, podziwa kuti pamenepo pali kanthu. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene wakhalitsa pa ntchito sachita chinthu popanda chifukwa, ngakhale chioneke chopusa kwa oonerera. Chida chatsopano chilandireni, chiphunzireni, koma muzidziwa pamene chimalekezera. Ndipo mukadzaona munthu wamkulu wagwada pamalo amene inu simukuonapo kanthu, musafulumire kuseka. Muyambe mwamufunsa chimene wanunkhiza.