Mfuti Yatsopano, Mtanda wa Chigafa

Panali munthu wina kuchigwa uko, mlenje, wamfupi koma wa diso lakuthwa. Moyo wake wonse ankasaka ndi gogodera, mfuti ija yothira wonga kukamwa. Chaka china ng'ona inakhazikika padooko pomwe amayi ankatunga madzi. Inayamba ndi mbuzi. Kenako inagwira mayi wina akutsuka mbale, osapezekanso. Mkazi wa mlenjeyo ankatunganso pomwepo, poti mjigo unali utafa kalekale.

Bungwe la alimi a mpunga linatenga chilolezo chophera ng'onayo n'kumubweretsera mlenjeyo mfuti yatsopano, ija umakoka kachitsulo ndi dzanja kuti chipolopolo chilowe. Koma inafika mtengo wake, uja umatsamira paphewa, utang'aluka panjira. Panafunika kusema wina.

Tsono ng'ona suiwombera kawiri. Ukaiphonya imachenjera, siyandamanso poyera, koma kugwira anthu sisiya. Ndipo pophera pake mpochepa ngati chikhatho cha khanda, kuseri kwa diso. Mlenje ankazidziwa zimenezi, moti chakudya sichinkatsika bwino.

Anapita kwa mmisiri wa matabwa limodzi ndi tcheyamani wa bungwelo, bambo wa nsapato zonyezimira amene sanaphepo ndi njiwa yomwe. Tcheyamani anabwera ndi thabwa lake la mlombwa, lofiira, la mizere yokongola, locheka sabata yathayo. Anati mfutiyo adzaionetsa kwa alendo a kutauni, ndiye iyenera kuoneka kuti ndi ya anthu ozindikira. Tisabise, naye mlenje mtima unapita pathabwa lomwelo. Wosauka akaona chonyezimira amaiwala chomwe wadzera.

Mmisiri anangopita kuseri n'kukatenga mtanda wa m'bawa, wotuwa, wa mabowo a misomali, umene anauzula pachigafa cha fodya chitagwa. Anauza mlenje kuti agunditse tsaya pa mitengo yonse iwiri. Mlombwa unali wozizira ngati mtsuko. Mtanda wa chigafa unali wofunda.

"Lozizirali likadali ndi madzi m'kati, achimwene," anatero mmisiri. "Likamauma lidzapindika n'kumakankha mpope wa mfuti. Inu muzidzaloza diso, chipolopolo n'kumapita kumchira. Mtanda uwu unamaliza kupindika tonse tili anyamata."

Tcheyamani anaseka, n'kufunsa ngati abwera kudzasema mfuti kapena kudzapsompsona matabwa. Anawonjeza kuti akaiveka sanza mfuti ya bungwe, iye aitenga akapatse mphwake, wophunzira, wodziwa kuwerenga kabuku ka mfutiyo.

Mfuti yotere mlenje anali atailakalaka kuyambira ali ndi mano onse. Kenako ananyamula thabwa la mlombwa lija n'kulibwezera m'manja mwa mwini wake.

"Bwana, kalikhomeni kuofesi. Ng'ona siona polishi."

Mmisiri anamuyeza kuchokera pachigongono kufika kuchala chowombera, n'kudula mtandawo molingana ndi mkono wake waufupiwo. Anasema masiku anayi. Atamangirira mpope, analowetsa kapepala pakati pa chitsulo ndi mtengo, ndipo kanayenda mpaka kumapeto osakodwa. Anati mtengo uzinyamula chitsulo, usamachipanikize.

Mfutiyo inatuluka yosaoneka bwino: yaifupi, yotuwa, bowo la msomali lili poyera. Mphwake wa tcheyamani ataiona anaikana, ati sanganyamule chinthu chochititsa manyazi. Alendo atabwera anauzidwa kuti mfuti sinafike. Ndi mmene inatsalira m'manja mwa mlenje.

Anaiyesa pachivindikiro cha chitini, n'kuiyesanso patatha masabata awiri, dzuwa la Okotobala likuwotcha. Chipolopolo chachiwiri chinapsompsona bowo la choyamba. Ndipo analowa m'bango kukadikira.

Anadikira masiku asanu ndi anayi. Tsiku lomaliza, dzuwa lili paliwombo, panatuluka mphuno ndi maso awiri pamwamba pa madzi, basi. Anakweza mfuti. Mtengo unakhala paphewa ngati unamera pomwepo, tsaya linapeza malo ake osafunafuna. Anatulutsa mpweya, n'kuwomba. Madzi anawinduka kamodzi, kenako mimba yoyera inayang'ana kumwamba.

Sanafuule. Anangokhala pansi m'matope, misozi ikutsika osadziwa kuti yayamba liti. Anthu anathamangira kumene kwalira mfuti. Mkazi wake anamuyang'ana n'kumuuza kuti adzuke, buluku limenelo ndi lomwe amapita nalo kutchalitchi. Atatero anatsikira kumadzi ndi ndowa yake, natunga mosafulumira, msana atalozetsa kumtsinje. Tcheyamani anajambulitsa chithunzi phazi lili pamutu pa ng'ona. Zimenezo n'zawo. Mlenje anapita kwawo n'kukadya mpaka mbale kuyera.

Tsono inu alimi anzanga a mpunga, mawa mukusankha kapitawo wogawa madzi m'ngalande zathu. Ndikukudziwani. Maso anu ali kale pa wa taye, wa Chingerezi chambiri. Ena mwa amenewo sanaumebe. Dzuwa likadzawawomba adzakhotera komwe kuli mimba yawo. Alipo ena pano otuwa, amene mavuto anawaumitsa kale, ndipo simuwapatsa ndi moni womwe. Musanakweze dzanja, yandikirani munthuyo mumumve bwinobwino. Mukaphonya, mpunga umene udzaume ndi wanu, osati wake.