Nyumba Imene Fyson Adasankha ku Kandeu

Fyson Ngozo ndi mkazi wake Lufina adakhala zaka khumi ku Tsangano m'nyumba yodontha. Mvula ikamagwa, Lufina ankandanditsa mabeseni pabalaza, osatulutsa liwu lodandaula, ndipo kuleza mtimako n'kumene kunkamudya Fyson ngati chiswe. Choncho itabwera kalata yoti iye, mlangizi wa zaulimi, asamukire ku Kandeu, adalumbira mumtima kuti mkazi wake akalowa m'nyumba imene simunagonepo munthu.

Adapita yekha kukafunafuna. Kumunsi kwa msika adaipeza: yongomalizidwa kumene, penti ikununkhirabe, malata akuthobwa m'maso. Mayi Zuleka, eni golosale yoyandikana nayo, adamuona akuizungulira.

"Bambo, mwafika m'chilimwe," adatero mayiwo. "Musanalandire makiyi, mufunse kaye kumene madzi a m'phirimu amadzera."

"Zikomo mayi, koma eni ake andionetsa zonse," adayankha Fyson, mumtima akuti ndi kaduka chabe ka anthu a pamsika.

Lufina naye atapempha kuti akaione, mwamunayo adakana mwachikondi. "Amake Atikonda, mundilole kamodzi kokha ndikudabwitseni."

Tsiku losamuka, Lufina adasisita khoma ndi chikhatho, misozi ili lengelenge. Adatulutsa makatani amene adawasunga m'sutikesi chikwatiwire, nawapachika akuimba. Fyson adaona ngati watula mtolo wa zaka khumi.

Mu Januwale mvula idakhazikika m'phiri masiku atatu. Pamenepo mpomwe chinsinsi cha nyumbayo chidaululika. Idamangidwa pakhwawa lakale lomwe adangolikwirira ndi dothi, njerwa zake adamangira matope, simenti ili kunja kokha ngati mafuta odzola. Masana a tsiku lachitatu, Fyson ali kuminda ya alimi, Lufina adaona madzi akutumphuka pansi pa chitseko, kenaka adamva khoma likulira. Sadaganize za katundu. Adatsomphola Atikonda, mwana wawo wa zaka zitatu yemwe adali m'tulo kuchipinda, nathamangira panja. Asanafike pagolosale, khoma lidagwera pamphasa pomwe padagona mwanayo.

Fyson adafika matope ali m'maondo. Matumba a chimanga ndi kachewere amene adachoka nawo ku Tsangano adali atapita ndi madzi, katani imodzi ikulendewera pawindo lopanda chipinda. Mkazi ndi mwana adawapeza kwa Mayi Zuleka, atafunda zitenje zobwereka, akumwa tiyi. Adaima pakhomo.

"Mayi, mudandiuza," adatero Fyson.

"Lowani, mukuvumbwa," adayankha Mayi Zuleka. "Zouzana zidatha. Mwana ali moyo."

Lufina adamusendezera mwanayo pamiyendo. "Mumafuna kundichotsa manyazi, bambo a Atikonda, ndikudziwa. Koma ine kudontha ndidakuzolowera. Chomwe sindingazolowere n'kuika mwana m'manda. Ulendo uno tikafunira limodzi."

Banjalo lidagona mwezi wathunthu m'kachipinda ka kuseri kwa golosale. Pofuna nyumba ina, ankayenda awiri, ndipo asanayang'ane denga ankayamba agogoda pakhomo la oyandikana nawo. Fyson ndiye ankayamba kufunsa za madzi.

Munthuyu sadalakwe pofunira banja lake zabwino, koma adakhulupirira maso kuposa makutu. Akuluakulu sadaname: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.